Njinga ya Pakhoma

Wokondedwa mlongo wanga, mzime wathu,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tonse tili bwino, kupatula makutu a bambo amene akunkabe nafooka. Foni ikalira m'thumba mwawo saimva, kenako amadandaula kuti ana tinawataya.

Ndiye mlamu wako, mwamuna wangayu, poti zamagetsi ndiye ntchito yake, wawamatira timagetsi tambirimbiri pakhoma la pabalaza, tokhala ngati matailosi. Timagetsito amatilamula pa laputopu. Wina akaimba foni ya bambo, khoma lonse limayaka n'kuonetsa chithunzi cha woimbayo.

Zithunzizo anasankha okha bambo. Ine anandipatsa wailesi, ati sinditseka pakamwa. Achimwene aakulu anawapatsa nkhono, ati paliponse amafika zinthu zitatha. Iwe anakupatsa njinga, pokumbukira yawo ija unaigwetsera m'ngalande uli mwana.

Njingayo inamutulutsa thukuta mlamu wako. Timagetsito n'ta makona anayi, choncho matayala ankatuluka ngati mabokosi. Bambo anaima kumbuyo kwake, manja ali m'chiuno, n'kumuuza kuti njinga yotere ngakhale wamisala sangakwere. Iye anali yakaliyakali, kuyatsa aka, kuzimitsa ako, mpaka matayala anaoneka ozungulira. Asanapume n'komwe, bambo anafunanso belu lofiira. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Poyamba mlamu wako ankangodina batani kuti njinga ioneke, bambo n'kumaitana aneba kuti adzaone. Dzulo anamuletsa. Ati njinga yochita kukankha yawakwana, akufuna ibwere yokha.

Wailesi imayaka tsiku ndi tsiku, mpaka amati ndikuwathera magetsi. Nkhono nayo imakwawako Lamlungu likakwana. Njinga sinayakepo yokha chiikireni. Mpando wawo anautembenuza, TV anaifulatira, amakhala akuyang'ana khoma. Ndikawaona choncho, mtima umandipweteka.

Sindikukudzudzula ayi, ndikudziwa kuti ntchito yakupanikiza. Koma chonde imba, ngakhale ulibe nkhani. Uzikweza mawu ndithu, amamvera khutu lakumanzere.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga ndi ana. Mulungu akusunge ndi kudalitsa ntchito ya manja ako. Njinga yako ili bwinobwino, ndi belu lomwe, yangosowa wopalasa.

Ndine mlongo wako,
Wailesi