Kalata ya Amalume

Lolemba, 7 Sepitembala 1998

Mafomu a viza ya ku Australia afika. Watumiza ndi Chileshe, mnzanga amene tinkagwira limodzi ku kampani ya boma yosunga nyama. Akuti kumeneko okonza mafiriji akusowa. Masamba khumi ndi awiri, Chingerezi chokhachokha. Mkazi wanga Jannat wawabisa pansi pa matiresi, kuopa mwana angajambulepo nkhuku.

Tsamba lachisanu: ntchito zimene munagwirapo. Mizere inayi basi. Ndinaseka ndekha. Ine, mizere inayi? Ndang'amba pepala m'kope n'kuwonjezera. Mafiriji ku kampani, zaka ziwiri, mpaka anaigulitsa mu 1993 n'kutipatsa makalata opitira kunyumba. Ukondakita pa minibasi yopita ku komboni ya George, m'mawa mokha. Kuwotcherera mageti ku Matero nyengo yozizira, poti mu Juni firiji siifa. Kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku msika wa Soweto Loweruka ndi Lamlungu. Kuika mawaya a magetsi m'nyumba za ku Chilenje. Kukonza majenereta. Mzungu akaona izi adziwa kuti kwabwera munthu, osati chidole.

Kutentha. Ku shopu ya amalume mafiriji atatu, awiri atha gasi, imodzi yafa kompresa.

Lachitatu, 9 Sepitembala

Ku Town kwa ba Exildah. Ankataipa ku kampani kwathu, pano ali ndi kachipinda kawo ndi makina awo, ndipo ambiri amene anachoka m'dziko muno mapepala awo anadutsa m'manja mwawo. Anawerenga mndandanda wanga osaseka. Kenako bolopeni yofiira. Ukondakita, khwacha. Salaula, khwacha. Mageti, mawaya, majenereta, zonse khwacha, chifukwa setifiketi yanga ndi ya mafiriji yokha.

"Ba Salumu, aba bantu sibafuna muntu wa vintu vambili. Bafuna nchito imozi."

Ndinawauza kuti vintu vambilivo ndi zimene zatidyetsa zaka zisanu. Anati akudziwa, iwonso amagulitsa mazira, koma fomu ilibe mimba. Ntchito ya ku kampani akuti yakalamba. Akufuna zaka zaposachedwa, ntchito yomweyo, osadukiza.

Ndikudzuka anandigwira dzanja n'kufunsa kumene ndatenga zipsera za gasi. Ndinati ku shopu ya amalume, ba Mussa, tsiku lililonse chichokereni ku kampani. Zinazo ndimachita m'mbali. Anafunsa chifukwa chake sindinailembe. Ndinati imeneyo si ntchito, ndi kwathu. Anandiyang'ana monga mmene mayi amayang'anira mwana wovala malaya chagada. Akuti ndi yokhayo imene ingawerengedwe. Pakufunika kalata ya chidindo: tsiku loyamba, maola, malipiro, siginecha ya abwana.

Chinanso. Pa 12 Okutobala ndikwanitsa zaka makumi atatu, mapointi a msinkhu amene a viza amawerenga atsika, ndipo sindifikanso pa mlingo. Mapepala achoke tsikulo lisanafike.

Lachisanu, 11 Sepitembala

Amalume ndawapempha kalata ija titachoka ku mzikiti. Anali pa benchi kutsogolo kwa shopu, akusenda mtedza. Ndinafotokoza bwinobwino, pang'onopang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa kuti m'kalatamo iwo akhala ndani, ine ndikhala ndani. Ndinati iwo abwana, ine wantchito, papepala pokha.

"Wantchito ndi munthu amene umamulipira, akalakwa umamuthamangitsa. Iwe ndikuthamangitsire kuti?"

Basi. Anabwerera ku mtedza wawo.

Ndinkadziwa, kungoti ndinkadzinamiza. Amalume anachoka ku Mangochi ine ndisanabadwe, koma mwambo anabwera nawo wathunthu: za mwamuna zimapita kwa mwana wa mlongo wake. Pa maliro a amayi ananena pagulu kuti shopu ndi yanga. Usman, mwana wawo wobereka, anali pomwepo, anangoyang'ana pansi. Iye amagulitsa sopo ndi makandulo pa kantemba, sanandinenepo kanthu. Malipiro sindinalandirepo. Lendi amapereka ndi amalume, ufa ndi amalume, mwana akadwala ndimatenga m'chitini cha pa shelefu osafunsa. Kodi zimenezi uzilemba pamzere uti?

Lolemba, 14 Sepitembala

Tagwira tsiku lonse osalankhulana kupatula "patse sipanala". Firiji ya mayi wa butchala ya ku Kanyama yatheka. Madzi ku kiyosiki kulibe, Jannat watunga ku Lilanda.

Lachiwiri, 15 Sepitembala

Ba Exildah akuti pali munthu ku Matero amasema zidindo za kampani iliyonse imene ungafune, ngakhale imene kulibe. Anangonditchulira, sanandiuze kuti ndipite. Anawonjezera kuti nthawi zina a viza amaimba foni kufunsa, ndipo akakugwira bodza dzina lako latha.

Ndinauza Jannat. Anakana kwamtuwagalu. Akuti zaka zisanuzo ndinagwiradi, manja anga ndi mboni, bwanji ndigule bodza pomwe choona ndili nacho? Zoona. Koma choonacho chili m'thumba la munthu amene sakufuna kuchitulutsa.

Ndimawakonda amalume. Ndikulemba pano kuti ndisaiwale, chifukwa lero ndawakwiyira kwambiri.

Lamlungu, 20 Sepitembala

Jannat anapita kwa akazi a amalume ndi shuga ndi chitenje, kuti mwina akawalankhulira. Wabwera ndi shuga yemweyo. Mayiwo akuti nkhani ya shopu iwo saiyankha, poti akatsegula pakamwa anthu anena kuti akumenyera Usman.

Chileshe walembanso. Chithunzi: iye ndi galimoto ya kampani, ovolosi yoyera. Wanenepa.

Lachitatu, 23 Sepitembala

Ndachita chinthu choipa.

Ndinawapemphanso amalume masana. Anati ku Australia kulibe amene adzandisambitse ndikafa, ndipo iwo akafa kuno adzawanyamula ndani. Anati shopu ikundidikira, ndichite chifatse. Ndinayang'ana shopuyo: malata asanu ndi limodzi, benchi, silinda ya gasi, mafiriji akufa aunjikana kuseri. Ndinati zaka zisanu ndakugwirirani ulele, lero kapepala kamodzi kakuvutani.

Panali makasitomala awiri. Usman analinso pomwepo, anabwera kudzabwereka hamala.

Amalume sanakalipe. Anangovula kofia yawo, kuipukuta, kuivalanso. Anati, "Ulele." Kamodzi kokha. Kenako anapitiriza kulankhula ndi kasitomala za mtengo wa kompresa.

Lolemba, 28 Sepitembala

Masiku asanu. Ndapepesa kawiri, kachiwiri nditagwada, Jannat ali pambali. Anati palibe mlandu. Mawu amenewo ndimawadziwa.

Ndimapitabe ku shopu, amandipatsa ntchito monga kale. Koma chitini cha pa shelefu achichotsa. Lero anandifunsa tsiku lenileni limene ndinayamba. Ndinati 1 Epulo 1993. Analemba kuseri kwa paketi ya machesi. Anafunsanso kumene ba Exildah amakhala. Ndiyenera kusangalala. Chakudya sichikulowa.

Lachitatu, 30 Sepitembala

Amalume sanabwere ku shopu m'mawa. Akuti anakwera minibasi ya ku Town atavala mkanjo wa pa Idi. Munthu amene sanaponde ku Town zaka zitatu.

Ndinatsala ndekha ndi mafiriji anayi. Ndawamaliza onse. Ntchito imeneyi ndimaidziwa, pamenepo palibe angandinamize.

Lachisanu, 2 Okutobala

Andipatsa titachoka ku mzikiti, pa benchi yomwe ija. Maenivelopu awiri.

Yoyamba, kalata. Yotaipidwa bwino, chidindo chatsopano cha dzina lawo, inki ikadanunkha. Akuti ndagwira ntchito yokonza mafiriji masiku asanu pa sabata, gasi, makompresa, magetsi ake, zonse. Akuti ndine wokhulupirika, sindinabepo, kasitomala sanabwezepo ntchito yanga. Chiyambire sanandiyamikepo pamaso. Ndazimva koyamba m'Chingerezi cha ba Exildah. Pansi siginecha yawo yonjenjemera ija.

Masiku ali awiri. Kuyamba: 1 Epulo 1993. Kumaliza: 2 Okutobala 1998.

Ndinawauza kuti lachiwirilo silikufunika, fomu imalola kulemba kuti munthu akugwirabe. Anati ba Exildah anawauzanso zomwezo, koma iwo salemba chinthu cha theka.

Yachiwiri, ndalama, ndi kapepala ka malipiro a Sepitembala. Sindinawerenge. Ndinafuna kubweza, anaika manja kumbuyo.

"Wantchito amalipidwa. Mwagwira bwino, pitani bwino."

Anadzuka n'kuitana Usman pa kantemba kuti abwere aone mmene amatsegulira silinda. Usman anabwera akupukuta manja, osandiyang'ana. Sindikumuda. Wadikira nthawi yaitali.

Madzulo ba Exildah aona zonse. Akuti tsopano zakwana, zaka zisanu ndi theka ntchito imodzi, mapointi afika. Mndandanda wanga wa ntchito zisanu ndi imodzi uja anandibwezera kuti ndikayatsire mbaula. Yankho akuti limatenga miyezi isanu ndi inayi, mwina chaka, ndipo akhoza kukana.

Jannat wangoti walira mvula walira matope, n'kupita kukatunga madzi.

Lendi ya mwezi uno ndilipira ndekha, koyamba. Lolemba m'mawa minibasi, ngati dalaivala akadandifuna. Masana sindikudziwa. Mafomu onse ali mu enivelopu yaikulu patebulo, kalata ya amalume pamwamba. Potumizira amatseka 12 koloko mawa. Sindinamatebe.