Masiku Awiri a Zitsulo

Lachinayi, 16 Meyi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndinailandira, pamodzi ndi masokosi aja. Zikomo kwambiri. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimasowa poyambira, moti lero lomwe ndang'amba kale mapepala awiri.

Mwafunsa za mpikisano wa mwezi wamawa, uja wosankhira opita kunja. Mundilole ndiyambe ndi za zitsulo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Paja ndinakuuzani kuti a kochi atsopanowa anandichotsera masiku awiri othamanga, Lachiwiri ndi Lachisanu, n'kunditumiza ku jimu. Tsiku loyamba anandiimika patsogolo pa benchi n'kunena kuti, "Iwe telala, ima ndi mwendo umodzi, ukhale pansi pang'onopang'ono, udzukenso." Ine ndinaseka. Munthu wothamanga makilomita 42, kumuyesa ndi benchi? Bambo, ndinagwera pabenchipo ngati thumba la simenti. Pambali panga panali mayi wina wa imvi, mphunzitsi wopuma pantchito, akuchita zomwezo kwinaku akucheza pafoni.

A kochi anati, "Mapapo uli nawo, koma chiuno ndi ntchafu mulibe kanthu. Bondo lako likusenza katundu amene si wake."

Ndiye ndinayamba. Kunyonyomala chitsulo chili pamapewa, kukwera ndi kutsika pabokosi, kugona chammbali n'kumakweza mwendo. Zinkandibowa zedi. Ola lathunthu m'chipinda chonunkha thukuta ndi mphira, kuwerenga mpaka teni katatu, osapita kulikonse. Kuchoka apo ndipite kushopu, tsiku lonse pamakina osokera, ntchafu zikungonjenjemera pachopondera.

Nditakudandaulirani, munandiyankha kuti zitsulo n'za onyamula katundu pamsika, wothamanga amalimbira pamsewu. Munati inu m'nthawi yanu simunapumepo ngakhale Lamulungu. Mawu amenewo si achilendo kwa ine. Ndakhala ndikuwamva kuyambira ndili ndi zaka khumi, inu mukunditsatira panjinga, wotchi ili m'manja.

Tsono apa ndi pamene ndang'ambira mapepala awiri aja. Ku jimu sindinasiye, chifukwa a kochi ndimawaopa. Koma inunso ndimakuopani. Choncho ndinachita zonse ziwiri. Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkalawirira kuthamanga makilomita 18, n'kusamba, n'kukafika ku jimu ngati munthu wongodzuka kumene. M'kabuku kamene a kochi amawerenga ndinkalemba kuti "zitsulo basi". Ndinachita zimenezi masabata asanu ndi awiri, ndikudziona wochenjera.

Bondo linayamba kulira sabata yachisanu. Ndinkalimanga bandeji n'kuvala buluku lalitali kuti asaone. Lolemba lapitali, titamaliza kuthamanga pabwalo, ndinavula nsapato kuti mapazi apiteko mphepo. A kochi anatola imodzi n'kuitembenuza. Nsapato zimenezi anatigawira tsiku limodzi tonse a m'timu. Anatolanso ya mnzanga n'kuziika pamodzi. Ya mnzangayo mizere yakunsi ikuonekabe bwinobwino, yanga inali itatheratu.

Anandifunsa kuti, "Kodi nsapato zakozi zimathamanga zokha iwe uli ku jimu?"

Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa. Anangowonjezera kuti, "Mwendo sulimba ukamanyamula, umalimba ukamapuma pambuyo pake. Iwe unaupumitsa liti?" Zonsezi ananena anzanga onse akumva.

Dzulo ndinapita kwa dokotala wa mafupa. Wati mtsempha wa pansi pa bondo watupa kwambiri, ndipo ndikauumiriza uduka. Masabata asanu ndi atatu osathamanga. Chimene wandilola n'chimodzi chokha, ndipo musaseke: zitsulo zomwezo, zopepuka, kawiri pasabata. Dzina langa alichotsa pamndandanda, alowetsapo mnzanga wa nsapato uja. Ndili ndi zaka 33, Bambo, ndipo mpikisano umenewu umachitika pakapita zaka ziwiri.

Ndakwiya. Ndakwiyira a kochi, ndakwiyira benchi lija, ndakwiyira ngakhale mayi wa imvi uja amene sanandilakwire kanthu. Koposa onse ndadzikwiyira ndekha, munthu wamkulu ngati ine kuchita zobisa ngati mwana wasukulu. Ndipo ndikanena kuti inu sindinakukwiyireni, ndikhala ndanamanso, pamene bodza landitopetsa.

Choncho musavutike ndi ulendo wa basi. Musabwere, palibe choti mudzaonere. Jekete munkafuna kudzavala tsikulo ndamaliza kusoka, nditumiza ndi munthu.

Mupereke moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikudya ndipo asandidere nkhawa. Musawakalipire, koma anandiuza pafoni kuti masiku ano masitepe atatu a pakhomo paja mumatsika chokhala, ndipo ndodo mumaibisa kuseri kwa chitseko alendo akabwera. Inu m'makalata anu onse simunatchulepo. Munasiya kuthamanga muli ndi zaka 31, ndipo ine munkandiuza kuti chinali chifukwa cha ntchito.

Sindikufuna yankho pa zimenezo. Dokotala wandipatsa pepala la masewera olimbitsa bondo, ndiye ndachititsa fotokope, ili m'envelopu momwemu. Oyambawo amachita munthu atakhala pampando, m'chipinda, chitseko chili chotseka. Palibe amene angakuoneni.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene tsopano akuyenda ngati inu,

Mzime wanu