Masau a ku Feira

Amayi,

Kumeneko mukukhala bwanji? Ndafunsa chifukwa munandiphunzitsa kuyamba ndi moni, koma lero moni wanga ndi waufupi. Tandiuzani: munaona kuti ine Enelesi sindingasunge nkhani, kuti mufike pomwalira osandiuza kuti muli ndi mkulu wanu wamoyo?

Ndiyambe ndi za pakhomo, mtima utsike kaye. Mdzukulu wanu Chisomo anabereka mwana wamkazi, wa mphumi yotakata ngati yanu. Mlongo wanga Mabvuto akadali ku Kabwata, shuga ikumuvuta koma mowa sasiya. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinapsa ndi dzuwa. Tebulo lanu la tomato pa msika wa Chelstone ndikuliyendetsa ine. Ba Mulenga oyandikana nanu aja amati ndikuthamangitsa makasitomala ndi pakamwa, ine ndimati wofuna kumwetuliridwa akagule kwa olemera ku Kabulonga.

Tsopano thumba lija la masau. Chaka chilichonse kondakitala wa basi ankalitula pa tebulo lanu, inu n'kungoti, "Gawanani, n'za anthu akwathu," osalawa ngakhale limodzi. Chaka chatha linabwera inu mutagona kale kumanda, tinangodya. Chaka chino litabweranso ndinapsa mtima. Ndani ameneyu wotumizira chakudya munthu wakufa? Ndinamugwira malaya kondakitala uja mpaka anaulula kuti amalilandira kwa mayi wina wogulitsa nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa. Ndinakwera basi. Mayi uja anandikweza galimoto ya ku Feira, n'kunditchulira mudzi ndi dzina: a Dominga.

Mudzi wanu ndi waung'ono, Amayi, nyumba zochepa m'mphepete mwenimweni mwa Luangwa. Kutentha kwake kumapsereza mapazi m'kati mwa nsapato. Paliponse mabango oyanika, akazi akuluka mphasa, m'madimba mwapachikidwa zitini zoopsezera njovu.

A Dominga ndi inu ndithu, mano okha ndiwo anatha. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi kudzandilonjera. Nditanena kuti ndatsata masau kuchokera ku Lusaka, anasendera pafupi nati, "Amake Rozina mwawasiya bwanji, mwanangu?" Ndinati sindiwadziwa. Anati, "Aginesi, mng'ono wanga."

Inu mukundidziwa. Ndamva pambuyo pake kuti uthenga wa maliro uli ndi njira yake: umayamba wauza wamkulu wina pambali, iye aitane akazi oti amugwire mwini maliro. Ine ndinangoti, "Aa, amayi anamwalira kale, chino n'chaka chachiwiri. Simunaone pa foni?" Pa foni! Ife a m'tauni tinalengeza maliro anu m'magulu a pa foni, n'kuyesa kuti dziko lonse lamva.

Nkhalamba ija inagwa chammbali pa mphasa. Mudzi wonse unakulirani ngati mwatsirizika m'mawa womwewo. Asodzi anakokera mabwato kumtunda, masiku awiri palibe anaponya ukonde. Ine ndinakhala pakati pawo ngati wakuba.

Tsiku lachitatu mwana wawo Zuze, bambo wa imvi kale, ananditenga pa njinga yamoto kuti ndikaone kwanu. Tinaima pamene Luangwa imathira mu Zambezi. Madzi ofiirira ndi madzi oyera amayenda mbali ndi mbali kamtunda ndithu asanasakanikirane. Tsidya ili ndi Mozambiki, tsidya ilo Zimbabwe, anthu akuwoloka pa bwato ngati mmene timadumphira kupita ku Kaunda Square. Anandionetsa mlambe waukulu wa pa boma, pamene akuti kale ankasonkhanitsirapo akapolo asanawatsitse ndi mtsinje. Ndinaugwira thunthu. Sukulu ndinalekera panjira, mbiri ndimaiphunzira ndi mapazi, ndipo pamenepo ndinazizidwa dzuwa lili pamutu. Zuze anandiseketsa: akuti muli mtsikana munkagulitsa mphasa pansi pa mtengo womwewo, ndipo wina atanyoza ntchito ya manja anu munamuthamangitsa ndi mphasayo mpaka kudooko. Ndiye nthawi yonseyi munkati, "Ukali umenewu unautenga kuti, iwe?" Amayi, manyazi!

Titabwerera, a Dominga anandigwira dzanja n'kupita nane kudooko la mudzi, pamene akazi amachapira. Anandiuza ali chiimire. Rozina anali mwana wanu woyamba, wa zaka zitatu. Tsiku lina munapita ku boma ndi mphasa, mwana munawasiyira iwo. Anatembenuka kuti afinye nsalu. Basi. Ng'ona inatenga mwana, siinabweze ngakhale kansalu. Anaika m'manda thunthu la nthochi lokulungidwa m'chitenje chanu, ndipo sabata isanathe munakwera pamwamba pa lole ya nsomba, osatsanzika munthu.

Ine ndakalamba ndikudzitama kuti ndine chisamba chanu. Ndipo ndakalamba ndikusunga chakukhosi pa tsiku lija munandikwapula ndi lamba nditakasambira m'maenje okumba miyala. Munkati, "Ndikakuonanso kumadzi, miyendo ndithyola ndekha." Ndinkati ndinu ankhanza. Pepani, Amayi. Mukanangondiuza.

A Dominga anamva kwa ogulitsa nsomba kumene muli, nayamba kutumiza masau chifukwa munkawakonda kuyambira muli kamwana. Kalata sankatha kulemba. Akuti chaka chilichonse ankadikira kuti thumba libwerere, ndipo poona kuti silinabwerere ankati, ndiye kuti ali moyo, ndiye kuti sanandikane kotheratu. Kenaka anandiyang'ana m'maso nandifunsa, "Mwanangu, usandibisire. Ankadya?"

Chelstone yonse imadziwa kuti Enelesi sanama. Ndakanganapo ndi abusa, ndi apongozi, ndi akhansala, chifukwa chonena chinthu mmene chilili. Koma pa dooko paja ndinati, "Ankadya, amayi. Ankatibisira ife ana, kuti adye okha." Nkhalamba ija inakhala pansi pa mchenga n'kuseka misozi ili mbwembwembwe, nati, "Ndi yemweyo, sankagawa."

Bodza limeneli likundilemera, ndipo sindilisenza ndekha. Ndabwera nawo kuno a Dominga. Akukhala m'chipinda chanu, akuopa minibasi, mwana wa Chisomo sakumutsitsa m'manja. Loweruka ndikupita nawo kumanda kwanu. Akuti akufuna agwade, akuuzeni zimene anakanika kunena tsiku lija.

Ndiye mverani, Amayi, sindikupempha ayi. Mwana anapita, ndipo kumene muliko mwamupeza, mwamunyamula. Mkulu wanu wasenza mlandu umenewu kuyambira ali mtsikana mpaka wapindika msana. Wakwana. Loweruka muwalandire. Njira mudziwa ndinu, kaya m'maloto, kaya mungowapepuza mtima pomwe agwadepo, koma asabwerere ku Feira ndi mawu anga okha. Zimene ndawauza zija muzisandutse zoona.

Ine ndikulonjeza kuti masiku awo otsala sadzakhala okha, ndipo Rozina dzina lake lilembedwa pa mwala wanu, pa mndandanda wa ana anu, pamwamba pa langa.

Ndine mwana wanu wachiwiri, wokukondani ngakhale mwandikwiyitsa,
Enelesi