Fungo la Mankhwala Okolopera

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga BP ya amayi yatsikako? Ine thupi lili bwino. Zinazo muzimva m'munsimu.

Maphunziro a zaumoyo munandipezera malo aja akuyenda. Chipinda chimene ndikukhala n'chaching'ono, ndikatambasula miyendo ndimakankha chitseko, koma sichidontha. M'mawa timakhala m'kalasi, masana amatigawa m'mawodi.

Lolemba mnzanu uja, aphunzitsi athu, anatiphunzitsa kasamalidwe ka anthu amene anakumana ndi zoopsa. Akuti munthu wotere usamugwire usanapemphe, umukhazike poti aziona khomo, usamukakamize kufotokoza. Anabwereza katatu kuti nkhani ya munthu ndi yake, mwini wake ndiye asankhe woti aimve. Ndinalemba zonse, mpaka kudula mzere kunsi. Mumtima ndinati koma apa ndapeza munthu.

Lachitatu anati atipatse chitsanzo. Anasimba za mtsikana wa Fomu 3 amene anapita padera, mkulu wake n'kuthamangira naye kuchipatala atamukulunga m'nsalu ya pabedi, kunyumba n'kukanama kuti ndi malungo. Anasimbanso za namwino amene anamukalipira kuti asalire, poti pochita zakezo sanaitane munthu. Dzina anasintha, zikomo kwambiri. Koma anamaliza n'kunena kuti mtsikanayo mpaka lero akamva fungo la mankhwala okolopera m'chipatala amatuluka thukuta n'kuthawira panja.

Achemwali, m'kalasi mwathu aliyense amadziwa amene amathawa m'wodi akayamba kukolopa. Anandipatsa kale dzina loti Abwana, ati ndimaopa mopu. Tsikulo palibe anaseka. Bola akanaseka. Mitu inatembenuka umodziumodzi, ndipo wokhala naye benchi anayamba kundisisita pamsana osapempha, phunziro la dzana lomweli ataliiwala kale.

Nditawatsatira aphunzitsiwo ku ofesi anandikhazika pampando woyang'ana khomo, monga mwa buku. Anati inu munawauza kuti azindiyang'anira bwino, ndipo iwo anaona kuti nkhaniyo ithandiza ena. Ndinawafunsa ngati anandipempha. Anandipatsa madzi akumwa.

Kuchipatala kuja tinalipo awiri, inu ndi ine. Munalumbira mutagwira dzanja langa kuti zimenezi mudzapita nazo kumanda. Sindinadziwe kuti manda ake ndi okhala ndi bolodi ndi choko. Musandiuze kuti munachita mwachikondi. Ndikudziwa, ndipo n'chimene chikundiwawa kwambiri.

Madzi akatayika saoleka, koma otsala m'ndowa tingawasunge. Mwezi wamawa kukubwera gulu latsopano, ndipo mwana wa azakhali ali momwemo, yemwe uja pakamwa pake sipagona nkhani. Chaka chija ankakhala kwathu, ndipo ndi iye amene anachapa nsalu ija. Akangomva chitsanzocho, amayi amva dzuwa lisanalowe, ndi BP yawoyo.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire anzanuwo achotse nkhani yanga m'phunziro lawo gululo lisanafike. Ine ndikalankhula akumandiyang'ana ngati wodwala, koma inu akumverani, si paja mumauzana zonse. Amayi ndidzawauza ndekha, tsiku limene ndidzasankhe ine, ngati ndidzasankhe n'komwe.

Sukulu sindisiya, musade nkhawa kuti ndikuchititsani manyazi. Dzulo ndinaima m'wodi mpaka anamaliza kukolopa, yunifolomu itanyowa kumsana konse. Wina atayandikira ndi nkhope yachisoni ndinamuuza kuti apemphe kaye. Anabwerera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze amwe mankhwala osadumphitsa. Moni kwa alamu, kwa amalume, ndi kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo. Patchuthi ndidzafikira kwa amayi. Chipinda chija chakwanuko musavutike kundikonzera.

Ndine mng'ono wanu, poti ubale sufufutika,
Uja munamusandutsa chitsanzo