Kanjinga ka Chisomo Ndakapachika Kudenga

Wokondedwa mwana wanga Yohane,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tadzuka, kupatula msana wangawu, ndipo wauthyola ndiwe.

Kanjinga kophunzirira kuyenda kamene unatumizira mwana wako Chisomo kandisowetsa mtendere. Dzana anatsetsereka nako pakhonde ngati minibasi ya ku Limbuli, kulunjika pambaula. Ine nkhalamba ndinadumpha n'kumugwira malaya, moto uli apa! Mpaka lero mtima sukukhazikika. Kusikelonso akuti mwanayu akungoima chonyang'ama, kukwawa sakudziwa.

Ndiye ndakapachika kudenga. Apongozi angawa akuopa kuti ukwiya, choncho uwaimbire msanga, uwamasule. Mwana akwawe kaye pamphasa. Iwenso unayamba chokwawa, koma taona, wafika ku Joni!

Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.