Sitampa ya ku Japan ya a Dennis

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi amayi, ndipo bondo lija laleka kuvuta. Kuno ku Bolton tili bwino, kungoti kwazizira.

Loweruka ndinaperekeza a Dennis, agogo amene ndimawasamalira aja, kukalabu yawo ya anthu osonkhanitsa masitampa. Maso awo anafooka, ndiye ine ndimawaonera pagalasi lokulitsa zinthu, iwo n'kumandiphunzitsa. Anatulutsa sitampa yakale ya ku Japan, nauza anzawo kuti si yapakalata koma yamsonkho, yomata pamapepala a mgwirizano. Bambo wina anaseka. "Dennis, iwe suonanso. Ingopuma."

Pamenepo ndinapempha galasi lija.

"Pepani," ndinatero, "chidindo chili apachi n'chofiira, ndipo chilibe tsiku ngati cha kupositi. N'cha munthu amene anasaina pepalalo. Zilembo ziwiri za ku Japan zotanthauza positi, zimene a Dennis anandiphunzitsa, palibenso."

Anzawo aja anatsegula buku lawo lalikulu lofotokoza za masitampa. Kenaka bambo uja anavula magalasi, nati, "Akunena zoona." A Dennis anamenya tebulo, nafuula kuti, "Mwana wa positimasitala ameneyu!"

Bambo, sindinawatsutse, ngakhale inu munkangogulitsa masitampa pakauntala. Paja ndinu amene munandiphunzitsa kuyamba ndaona chidindo ndisanatsegule pakamwa.

Chonde mundijambulire pafoni masitampa a Nyasaland ali m'chitini chanu aja, ndikawafotokozere agogowa. Mundiperekere moni kwa amayi. Ambuye akusungeni.

Ine mwana wanu,
Tiyamike