Wayifayi Itathera pa Mpanda

Lachinayi, 21 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Musadabwe kulandira kalata masiku ano a mafoni. Ndine ndemwe, mlongo wanu wosamva uja. Sindinafe ayi, ndikanafa ndikanabwera kudzakuuzani ndekha. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kodi mano awiri aja akadali nawo, kapena limodzi linapuma pantchito? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzereli limene layamba kulosera mvula kuposa a pawailesi.

Ntchito ndi yomwe ija ya pageti, pa sitolo ya zipangizo zomangira. M'mawa ndimatsegula, kulowetsa malole, kuona ngati simenti ikutuluka ndi risiti, madzulo n'kutseka. Ndimagona m'kachipinda kakuseri komwe kaja. Chimwalirireni mlamu wanu kachipindako kakula, moti ndikatsokomola kamandiyankha.

Nkhani yake ndi iyi. Muofesi ya abwana munali kabokosi ka nyanga ziwiri, amati rauta, kamene kamagawa intaneti popanda waya, wayifayi imene mumamva ija. Amene anakaika kalekale anakakhazika pazenera n'kukasiya kopanda pasiwedi, ngati chitsime cha m'mbali mwa msewu. Ndiye mphamvu yake inkalumpha mpanda n'kudzagwera pabenchi langa la kunja kwa geti. Achemwali, benchi limenelo linkadzaza. Pankakhala anyamata a njinga zamoto, mayi wa nthochi, telala wa kutsidya kwa msewu, ndi wosoka nsapato amene timamutcha Dokotala chifukwa nsapato iliyonse amaiuza kuti yachedwa kubwera. Ine ndinakhazikitsa lamulo: wofuna kukhala pabenchi amve kaye bodza langa limodzi. Ndinawauza kuti mphamvuyo imatuluka padazi langa, ndipo ndikavala chipewa imachepa. Mayi wa nthochi anakhulupirira ndithu. Ankabwera atagwira m'manja, kundipempha kuti ndivule chipewa alankhuleko ndi mwana wake.

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lina makina osindikizira a muofesi anangoyamba okha kulavula mapepala, popanda wowakhudza. Akalaliki kutola, apeza chithunzi cha telala atavala suti, akumwetulira, mapepala mbwee pansi ponse. Mkuluyo anangodina polakwika pafoni yake ali pabenchi. Ife tinaseka mpaka misozi, koma abwana sanaseke. Anati ngati munthu wa kunja kwa mpanda angalamule makina a muofesi, mawa wina alowa m'makompyuta momwe muli mitengo ya katundu ndi maina a makasitomala. Komanso makina olipirira ndi khadi ankayenda ngati nkhono, poti anyamata a njinga aja ankaonera mpira tsiku lonse. Apa sindingawanene abwana, ananena zoona.

Anaitana katswiri kuchokera ku kampani ya zamanetiweki. Ine ndinkayembekezera bambo wa taye, koma kunatulukira mayi wamsinkhu wa mwana wanu woyamba, atavala ovolosi, makwerero ali paphewa. Ndinamutcha Namakwerero pomwepo, ndipo anavomera ngati dzina lobadwa nalo. Ine ndinkamugwirira makwererowo. Anachotsa rauta pazenera n'kukaikhoma m'mwamba pakati pa sitolo, kutali ndi mulu wa malata, poti akuti chitsulo chimameza mphamvu. Anaika pasiwedi yaitali ngati njanji. Anapatula njira ya makina a khadi kuti isamakumane ndi ya mafoni a antchito. Kenako anazungulira bwalo lonse foni ili m'manja, ngati munthu wofunafuna nkhuku yotayika, akuchepetsa mphamvu pang'onopang'ono mpaka inathera pampanda penipeni. Ndinamufunsa ngati sangasiyeko kadontho kogwera pabenchi, ka nkhalamba. Anaseka, nati ntchito imene amulembera ndi yotseka madontho omwewo.

Benchi linaphwa ngati dambo m'chilimwe. Anyamata a njinga anasamukira kuseri kwa hotela ina kumene akuti kukadadontha. Mayi wa nthochi anawatsatira, poti ogula ake ndi omwewo. Telala amachita manyazi, amangokweza dzanja ali kutsidya. Dokotala anapirira masiku angapo, kenako anati dzuwa la pageti pano likumuonongera guluu. Sikuti ndikudandaula ayi. Tsopano ndimatambasula miyendo momwe ndafunira, ndikafuna ndimagona chagada benchi lonse. Mabodza anga ndimawauza madalaivala a malole, kungoti iwo injini sazimitsa.

Ndiye m'mawa wina ndinafuna tiyi. Soketi ya m'kachipinda kanga inali itapsa, choncho ndinalowa m'sitolo n'kupeza ina kuseri kwa matumba a simenti, muli pulagi yakuda yosadziwika mwini wake. Ndinaizula n'kulowetsa ketulo. Madzi asanawire n'komwe muofesi munali chipwirikiti: khadi yakana, makompyuta aima, akalaliki akungothamanga uku ndi uku. Ine phee pageti ndikuuzira tiyi, osadziwa kuti mfiti yake ndine. Namakwerero anafika thukuta lili kamukamu. Anaona kuti timagetsi ta rauta tazima, anatsata chingwe ndi dzanja khoma lonse mpaka anakagwira ketulo yanga. Anaseka mpaka kukhala pathumba la simenti. Ndinamuthirira tiyi, tinakhala pabenchi, ndinamusimbira za alamu ndi njinga yopanda mabuleki ija, tsiku limene ankabwera kudzakufunsirani n'kupitirira nyumba yathu akupereka moni. Anatsamwa nako kuseka. Achemwali, ndinali nditaiwala mmene kumamvekera munthu akamaseka ali pambali pako.

Kuyambira pamenepo netiweki yathu inayamba kudwaladwala. Musandifunse, ine sukulu ndinalekera kupulayimale, za mawaya ndingazidziwire kuti? Tsiku lina lata lalitali linapezeka litaima kutsogolo kwa rauta. Tsiku lina kanyanga kamodzi kanakhwefuka kokha. Tsiku linanso chingwe chinasololoka pang'ono chabe, koti ukayang'ana uziti chili m'malo mwake. Mphepo ya m'sitolo muno ndi yamphamvu zedi. Ndipo nthawi zonse Namakwerero ankabwera, n'kukonza, n'kumwa tiyi. Anandiuza za mwana wake amene amaluma anzake kusukulu ya mkaka, ndi za bambo ake amene anatsogola asanamuone iye ali pamwamba pa makwerero.

Lachisanu lapitali anabwera nkhope ili ina. Anakonza mosakhalitsa n'kutulukira kugeti. Pabenchi ndinali nditayala kale makapu awiri, shuga, ndi buledi wodula pakati. Anaima akuyang'ana zimenezo, kenako anakhala pansonga ya benchi.

"Bambo, lero ndinali m'sitolo ya kutsidyayo, ndimaika makamera. Ndinakuonani mukutsuka makapu awiri. Nditatsika pamakwerero m'pamene akalaliki anu anaimba kuti netiweki yafa."

Ndinati ine ndi mneneri, zinthu ndimazilota zisanachitike. Sanaseke. Anandiuza motsitsa mawu kuti abwana athu akadandaula ku kampani yake kuti ntchito yake ndi yachibwana, imangofaifa, ndipo akuluakulu ake amuchenjeza kuti ikafanso, iye apite.

"Ine ndili ndi mwana, bambo."

Ndinangoyang'ana tiyi mpaka anazizira m'makapu onse awiri.

Kwa abwana Namakwerero anakanena kuti ndi makoswe. Abwana anatuma ine kukagula msampha, ndipo ndinapita, ndinautchera ndekha kuseri kwa simenti. Lolemba Namakwerero anabweranso ndi kabokosi kapulasitiki kokhala ndi loko, n'kutsekeramo rauta. Chingwe anachilowetsa m'paipi mpaka kusoketi yakeyake yotsekedwa. Anakonzanso zoti azitha kuiona netiwekiyo ndi kuichiritsa ali kuofesi kwawo, osavutikanso kubwera kuno. Ndinamugwirira makwerero ndi manja onse awiri, bwinobwino. Atatsika ndinati tsopano khoswe uja afa ndi njala. Iye anati khoswe ameneyo ali ndi abale, awafunefune.

Asanapite anaitanitsa foni yanga, yong'aluka galasi imene abwana anandipatsa, n'kuilumikiza ku njira ya antchito. Anati nanenso ndine wantchito, kungoti panalibe amene anakumbukira. Anandionetsa poima kuti izigwira: m'kati mwa geti, pafupi ndi mita ya madzi. Pabenchi siifika. Anati tsopano ndikhoza kuimbira aliyense, nkhope n'kumaonana, ndipo ndiyese iye akadali pomwepo.

Ndinatsegula maina. Loyamba la abwana. Lachiwiri la mlamu wanu, sindinafufute. Kenako anzanga a kuntchito yakale amene onse anagona, ndi wina wogulitsa makala amene sindikumukumbuka n'komwe. Ndinadina dzina lanu. Foni inati nambala imeneyi siikugwiranso ntchito. Ndinamuuza Namakwerero kuti achemwali anga ndi munthu wamkulu, nthawi ngati ino amakhala ali m'misonkhano. Anangogwedeza mutu, n'kunyamula makwerero ake, napita. Netiweki ili bwino mpaka lero, siinadwalenso.

N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Sikuti pali vuto ayi, musatumize kanthu, nsapato ndili nazo, bulangete lilipo. Ndikungofuna nambala yanu yatsopano. Muuze mdzukulu wina alembe manambala akuluakulu, poti maso angawa ayamba kusankha zoona. Kapena mungoimba nokha, yanga ndalemba kuseri kwa pepalali. Nthawi yabwino ndi masana malole akachepa. Koma m'mawanso ndi bwino. Madzulonso ndikatseka geti ndimakhala ndili pomwepo pamita ya madzi, masiku ano ndimakonda kuimapo, pamaomba kamphepo kabwino. Lamulungu ndiye tsiku lonse ndilipo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndawasungira mabodza atsopano, ena ayamba kuvunda chifukwa chosowa wowamva. Moni kwa ana onse ndi adzukulu, amene akundidziwa ndi amene sanandionepo. Inuyo muzimwa mankhwala anu, musamachite makani.

Mukaimba n'kupeza kuti sikulowa, musatope, muyesenso. Ndiye kuti ndatuluka kunja kwa mpanda kukalozera lole njira. Sindichedwa, ndibwerera msanga.

Ine mlongo wanu,
Wapageti